MPHUNZITSI NAYENSO NDI MWANA WA SUKULU

Phunziro la mwezi uno: kwa makolo, mafumu ndi makomiti a sukulu a kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe

M'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, ndiponso ca ku Mpingu ndi ku Nambuma, makolo amva kawiri-kawiri mau akuti, "Aphunzitsi apita ku TDC." Nthawi zina mauwa abwera ndi mwana amene waweruka msanga. Nthawi zina amveka pa chuthi, pamene anthu aona aphunzitsi alikupalasa njinga m'mamawa, makope atamangirira pa kaliyala, cikhalireco sukulu ndi zotseka. Makolo ena angodabwa, koma ena adandaula ndithu. Iwo ati, "Munthu anatsiriza kale kosi yace nalandira setifiketi, tsono alikukaphunziranso ciani? Kodi si alawansi imene alikutsata kumeneko?"

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti ana amene atsala opanda mphunzitsi tsiku lotero ndi ana a makolo omwewo. Phunziro lino lifotokoza cimene aphunzitsi amakacita kumeneko, anthu amene amawaphunzitsa, zipangizo zimene amapatsidwa, ndi mbali imene mudzi uli nayo. Mfundo yace yaikuru ndi imodzi: maphunziro a mphunzitsi apindula pokha-pokha ngati afika m'kalasi kwa mwana, ndipo anthu a m'mudzi akhoza kuthandiza kuti afikedi.

1. CIFUKWA CACE MPHUNZITSI SALEKA KUPHUNZIRA

Mlimi ali yense wa ku Nsaru adziwa kuti kalimidwe ka cimanga ndi mtedza sikali monga kanaliri nthawi ya agogo ace. Mbeu zatsopano zituruka ku Chitedze, mlangizi nabwera nazo ku munda wa citsanzo, ndipo mlimi wokana kukaona atsalira m'mbuyo. Palibe munthu aseka mlimi waimvi cifukwa wapita kukamvera mlangizi. Nchito ya uphunzitsi iri cimodzi-modzi, ndipo zifukwa zace ziripo zitatu.

Coyamba, zophunzitsa zimasintha. M'caka ca 2007 Boma linayamba silabasi yatsopano ya pulayimale, kuyambira ku Sitandade 1. M'caka ca 2016 linayambanso njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga, pamodzi ndi mabuku ace. Mphunzitsi amene anaturuka ku koleji m'caka ca 1999 sanaone mabuku amenewa ali ku koleji. Akapanda kuphunzitsidwanso, adzagwira buku latsopano m'manja koma m'kamwa mwace mudzaturuka zakale.

Caciwiri, koleji singathe kuphunzitsa munthu zonse. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'masukulu a kumudzi si cacilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1. Kugawira ana otere mabuku, kuwakhazika cete, ndi kudziwa amene watsalira, ndi luso limene munthu aliphunzira ali pa nchito, ndipo aliphunzira msanga ngati wina wodziwa amsonyeza.

Cacitatu ndico cowawa. M'caka ca 2010 anayesa ana a m'masukulu osiyana-siyana a dziko lino kuti aone m'mene awerengera Cicewa. Anapeza kuti ana oposa theka a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liu limodzi la nkhani imene anapatsidwa. Anawo anali kupita ku sukulu, aphunzitsi anali kuima pa bolodi, koma kuwerenga kunalibe. Mwana wosadziwa kuwerenga sangamve masamu olembedwa, sangamve sayansi. Abwereza kalasi kawiri kapena katatu, natopa, nathawira ku ganyu kapena ku banja. Ici ndico cimene ciri pa ngozi pamene anthu akamba za maphunziro a aphunzitsi.

2. KUMENE NZERUYI INACOKERA

Nzeru yakuti mphunzitsi wa kumudzi asasiyidwe yekha si ya lero ai. Masukulu oyamba a m'dera lino anali a mishoni, ena a Dutch Reformed Church ndi ena a Katolika, monga a ku Likuni ndi ku Nambuma. Aphunzitsi a m'midzi masiku amenewo anali ophunzira pang'ono, motero amishoni anali kuwaitanira ku siteshoni nthawi ndi nthawi kuti akaonjezere nzeru, ndipo anali kutumiza anthu oyendera timasukulu ta m'midzi.

Koma njira yokonzeka bwino inacokera kutali. M'caka ca 1907 mai wina wolemera wa ku Philadelphia, m'dziko la America, dzina lace Anna Jeanes, anapereka cuma cothandizira masukulu a kumudzi a anthu akuda. Ndarama zimenezi zinalipira aphunzitsi aluso kuti aziyenda sukulu ndi sukulu kuthandiza anzao. Woyamba wa iwo anali Virginia Randolph, m'caka ca 1908. M'caka ca 1924 kunabwera ku Nyasaland gulu la Phelps-Stokes Commission kudzaona masukulu, ndipo mmodzi wa iwo anali Dr. James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero lichedwa Ghana. Pambuyo pa ulendo umenewu Boma linatsegula Dipatimenti ya Maphunziro m'caka ca 1926, ndipo m'caka ca 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi.

Ku Jeanes kunali kupita aphunzitsi osankhidwa pamodzi ndi akazi ao. Amuna anali kuphunzira kaphunzitsidwe, ulimi, ukhondo ndi nchito za manja. Akazi anali kuphunzira kulera ana, kusoka ndi kusamala pakhomo. Pobwerera kwao anali kukhala oyendera masukulu a m'midzi. Colinga cinali cakuti akhale athandizi a aphunzitsi. Koma m'kupita kwa zaka woyendera sukulu anasanduka insipekitala woopedwa, wobwera mosayembekezeka kudzafuna zolakwa ndi kulemba lipoti. Aphunzitsi okalamba akumbukira bwino m'mene mtima unali kugundira pomva kuti insipekitala wafika.

3. CAKA CA 1994 NDI KUBADWA KWA TDC

M'caka ca 1994 Boma linacotsa fizi m'masukulu a pulayimale. Ana anakhamukira ku sukulu: ciwerengero cao cinakwera kucokera pafupi-fupi 1.9 miliyoni kufika pafupi-fupi 3 miliyoni m'caka cimodzi. Aphunzitsi anacepa kwambiri, motero Boma linalemba nchito anyamata ndi atsikana pafupi-fupi 18,000 amene sanapiteko ku koleji ya uphunzitsi. Anawalangiza masabata ocepa cabe nawatumiza m'makalasi.

Kutseka masukulu kuti anthu onsewa apite ku koleji zaka ziwiri sikukadatheka. Tsono m'caka ca 1997 kunayamba kosi yochedwa MIITEP. Mphunzitsi anali kukhala ku koleji, monga ya ku Lilongwe kapena ya ku Kasungu, miyezi itatu yokha. Pambuyo pace anali kubwerera ku sukulu yace kukaphunzitsa miyezi 20, uku alikuwerenga mabuku ace a kosi, kenaka nabwerera ku koleji mwezi umodzi kukalemba mayeso.

Kosi yotere inafuna kuti pafupi ndi mphunzitsi pakhale munthu womyang'anira ndi malo okomanirako. Cifukwa cace, ndi cithandizo ca Boma la Britain, dziko linagawidwa m'mazoni 315, ndipo m'zoni iri yonse munakonzedwa nyumba yochedwa Teacher Development Centre, ndiye kuti malo otukulira aphunzitsi. Anthu angoti TDC. Imamangidwa pa sukulu imodzi ya pakati, ndipo imakhala ndi cipinda ca misonkhano, ofesi, ndi posungira mabuku. Nthawi yomweyo oyendera masukulu anapatsidwa dzina lina, Primary Education Advisor, kapena PEA, ndiye kuti mlangizi wa masukulu a pulayimale. Kusintha kwa dzinaku kunali ndi tanthauzo: munthu ameneyu abwere kudzalangiza, osati kudzaopseza. Kosi ya MIITEP inatha, ndipo ca m'ma 2005 m'malo mwace munalowa kosi ya zaka ziwiri yochedwa IPTE, imene mbali yace ina icitikira ku koleji ndi ina pa sukulu. Koma TDC ndi PEA zinakhazikika, ndipo mazoni anaonjezeka pamene masukulu anacuruka.

4. ANTHU AMENE AGWIRA NCHITOYI

Pa nkhani ya maphunziro, midzi ya boma la Lilongwe inagawidwa pawiri: Lilongwe Rural East ndi Lilongwe Rural West. Namitete, Nsaru, Kabudula, Kasiya ndi Mpingu ziri mbali ya kumadzulo. Makolo ayenera kudziwa makwerero ace, kuti pakakhala nkhani adziwe khomo logogoda.

Pamwamba pali mkuru wa maphunziro pa boma, amene anthu anazolowera kumucha DEM. Ofesi yace isamala za kutumiza aphunzitsi m'masukulu, kugawa mabuku, ndi kusonkhanitsa ciwerengero ca ana.

Pansi pace pali ma-PEA, mmodzi m'zoni iri yonse, ndipo zoni imodzi ikhala ndi masukulu 10 kapena kuposerapo. PEA ndi munthu amene anakhalapo mphunzitsi zaka zambiri. Ofesi yace iri pa TDC, ndipo ali ndi womthandiza wosamala malowo.

Pa sukulu pali mphunzitsi wamkuru ndi waciwiri wace, ndiponso atsogoleri a zigawo zitatu: ca ana ang'ono-ang'ono, ca pakati, ndi ca ana okulirapo. Pa masukulu amene alandira ophunzira a ku koleji pamakhalanso mphunzitsi wowalera, amene awasonyeza nchito tsiku ndi tsiku.

Anthu onsewa nawonso aphunzira. Mphunzitsi waluso pa bolodi sakhala mtsogoleri waluso tsiku lomwe wakwezedwa. Ayenera kuphunzira kusunga mabuku a ndarama, kulemba pulani yotukulira sukulu, kuweruza nkhani za aphunzitsi anzace, ndi kukhala bwino ndi komiti. M'caka ca 2015 Unduna wa Maphunziro unaturutsa miyeso 26 ya sukulu yabwino, kuti mphunzitsi wamkuru, PEA ndi oyendera masukulu aziyeza ndi muyeso umodzi.

5. M'MENE MAPHUNZIRO ATSIKIRA KUFIKA PA ZONI

Silabasi ndi mabuku a pulayimale akonzedwa ku Malawi Institute of Education, ku Domasi komwe kuja, imene inayamba nchito zace m'caka ca 1982. Kukaturuka cinthu catsopano, akatswiri ocepa aphunzitsa gulu loyamba. Gulu limeneli liphunzitsa ma-PEA ndi aphunzitsi ena osankhidwa. Amenewa tsono abwera pa TDC kudzaphunzitsa aphunzitsi onse a m'zoni, kawiri-kawiri pa chuthi kuti ana asataye nthawi.

Citsanzo cabwino ndi nkhani ya kuwerenga. Pambuyo pa mayeso a 2010 aja, Boma mothandizidwa ndi bungwe la USAID linayesa njira zatsopano m'maboma ena. Kuyambira 2013 kufikira 2016 nchitoyi inacitika m'maboma 11 a maphunziro, ndipo Lilongwe Rural West inali imodzi mwa iwo. M'caka ca 2016 inafalikira dziko lonse ndi dzina lakuti National Reading Programme, kuyambira ku Sitandade 1 mpaka inafika ku Sitandade 4.

Kodi aphunzitsi anaphunzira ciani pa TDC? Kale ana ambiri anali kungoimba "ba be bi bo bu" mokweza, mphunzitsi alikuloza pa bolodi. Kalasi inali kumveka patali, kholo lodutsa pa mseu nkumati ana alikuphunzira. Koma mwana wina anali kungotsata mau a anzace osayang'ana nkomwe lemba. Aphunzitsi anaphunzitsidwa kuti kuwerenga kuli ndi mizati isanu: kumva maliu a m'mau, kudziwa lemba loimira liu liri lonse, kuwerenga mosadodoma, kudziwa matanthauzo a mau, ndi kumvetsa nkhani. Mwa citsanzo, mwana ayambe wamva ndi khutu kuti mau akuti "mano" ayamba ndi liu la "m". Kenaka aone lemba lace, aliphatikize ndi "a" kupanga "ma", ndipo pambuyo pace apange mau athunthu.

Anaphunzitsidwanso kuyendetsa phunziro m'masitepe atatu. Poyamba mphunzitsi acita yekha ana alikuona. Kenaka mphunzitsi ndi ana acitira pamodzi. Potsiriza ana acita okha, awiri-awiri kapena mmodzi-mmodzi, mphunzitsi alikuyenda pakati pao kumvetsera. Sitepe yacitatuyi ndiyo iulula mwana wobisala m'mau a anzace, ndipo ndiyo imene mphunzitsi wotopa afulumira kuilumpha.

Njira yotsitsa maphunziro motere iri ndi ubwino wakuti ifika kwa anthu ambiri m'nthawi yocepa. Koma iri ndi kuipa kwace. Uthenga wodutsa pakamwa pa anthu anai ufika utasukuluka, monga m'mene ucitira uthenga wa maliro wotumizidwa mudzi ndi mudzi. Ndiponso cimene munthu wamva masiku atatu kapena asanu pa TDC akhoza kuciiwala teremu isanathe. Cifukwa cace pafunika mbali yaciwiri.

6. MAPHUNZIRO A PA SUKULU POMWEPO

Mbali yaciwiriyi icitikira m'kalasi mwa mphunzitsi mwini. PEA, kapena mphunzitsi wamkuru, kapena mtsogoleri wa cigawo, akhala kumbuyo kwa kalasi naonerera phunziro lonse osadula mau. Ana atapita, awiriwo akhala pansi. Woonerera ayamba wafunsa mphunzitsi m'mene iye mwini waonera phunzirolo. Kenaka achula zimene zayenda bwino, nasankha cinthu cimodzi kapena ziwiri zoti zikonzedwe, osati khumi. Mwina ati, "Aphunzitsi, mwafunsa ana a kutsogolo okha, a kumbuyo sanayankhepo. Mawa muyese kuyambira kumbuyo." Ulendo wotsatira adzaona ngati cinthu comweco casintha.

Aphunzitsi a pa sukulu imodzi ayeneranso kukomana okha-okha ana ataweruka. Mmodzi aphunzitsa phunziro limene limbvuta, anzace akhala ngati ana, kenaka onse akambirana. Msonkhano wotere sufuna galimoto kapena alawansi. Ufuna mphunzitsi wamkuru wolimbika, ndi aphunzitsi osacita manyazi kunena kuti, "Apa sindidziwa." Akuru anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi wa zaka 25 pa nchito adziwa kukhazika cete ana 100, ndipo mtsikana wongocoka kumene ku koleji adziwa njira zatsopano. Akagawana, onse awiri apindula.

M'caka ca 2018 Unduna unaturutsa ndondomeko yonena kuti kuphunzira kwa mphunzitsi kuzipitirira moyo wace wonse wa pa nchito, ndi kuti kuzicitika pa sukulu, pa zoni ndi pa boma. Lamulo la Maphunziro la 2013 linakhazikitsanso Teachers Council of Malawi, bungwe lolemba aphunzitsi m'kaundula ndi kuwapatsa ziphaso. Tanthauzo lace nlakuti setifiketi ya ku koleji ndi ciyambi cabe.

7. ZIPANGIZO ZOPHUNZITSIRA

Mmisiri wopanda zida sapala mpando. Cida coyamba ca mphunzitsi ndi buku lace la malangizo, limene limsonyeza phunziro la tsiku liri lonse, pamodzi ndi buku la mwana. Buku lokhala m'katoni mu ofesi, kuopa kuti ana angalidetse, liri ngati khasu lopacikidwa pa denga nthawi ya dzinja. Mabuku a ku sukulu ndi oti agwiritsidwe nchito, ndipo kumene sukulu ilola ana kupita nao kwao, makolo awakutire ndi kuwasunga kutali ndi mvula, ciswe ndi mbuzi. Masamba ace si okulungira fodya kapena zitumbuwa ai.

Cida caciwiri sicigulidwa m'sitoro. Aphunzitsi a dziko lino aphunzitsidwa njira yochedwa TALULAR, ndiye kuti kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa nchito zinthu zopezeka pafupi. Zitsekerero za mabotolo, njere za cimanga ndi timiyala ziwerengetsa masamu. Timitengo tomangidwa khumi-khumi tisonyeza mwana kusiyana kwa 3 ndi 30. Makatoni akale adulidwa kukhala makadi a malembo. Matumba a feteleza otsukidwa bwino asanduka machati osang'ambika. Dongo liumba malembo amene mwana akhoza kuwakhudza ndi zala, ndipo pa mcenga mwana alemba ndi kufufuta osatha kope. Zinthu zimenezi ziri m'mudzi muli monse kuyambira Namitete kufikira Nambuma, ndipo pa TDC aphunzitsi aonetsana kapangidwe kace.

Cida cacitatu ndi makina. Kuyambira m'caka ca 2008 kunali maphunziro a pa wailesi ochedwa Tikwere, amene anali kutsogolera mphunzitsi ndi ana pamodzi. Masukulu atatsekedwa mu March 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, wailesi inagwiranso nchito yofikitsa maphunziro m'midzi. M'caka ca 2023 Boma linayamba nchito yochedwa BEFIT m'masukulu 500, yopatsa ana a makalasi oyambirira matabuleti ophunzirirapo kuwerenga ndi masamu, otenga moto ku dzuwa, ndi colinga cakuti idzafike m'masukulu onse a pulayimale a Boma. Koma makina salowa m'malo mwa mphunzitsi. Tabuleti nayonso ifuna mphunzitsi wophunzitsidwa kuigawa, kuisamala, ndi kuona mwana amene wangoigwira osacita kanthu.

8. NJIRA ZOKWERERA

Pali aphunzitsi ena ofuna kupitirira pamenepa. Wofuna kuphunzitsa ku sekondale akhoza kufunsira malo ku Domasi College of Education, kapena ku Nalikule College of Education, imene iri kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe ndipo inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la Japan nitsegulidwa m'caka ca 2017. Wofuna kuthandiza ana osaona, osamva, kapena ocedwa kugwira zinthu, akhoza kukaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi a m'masekondale anakhalanso ndi maphunziro ao a pa chuthi ochedwa SMASSE, amene anayamba m'caka ca 2004. Mudzi ukaona mphunzitsi alikuwerenga usiku pa nyali usamnene kuti ngwodzikuza. Mwana woona mphunzitsi wace ali ndi buku adziwa kuti kuwerenga si cilango ca ana okha.

9. ZOBVUTA ZIMENE ZIRIPO

Sikungakhale cilungamo kunena kuti zonse ziyenda bwino. Masukulu a m'zoni imodzi ndi otalikirana, ndipo nthawi ya mvula mitsinje yothira mu Bua idzala, miseu ya dothi niterera. PEA wopanda mafuta a njinga yamoto sangafike pa sukulu iri yonse kawiri-kawiri, ndiponso nchito za mu ofesi zimdyera masiku ambiri. Maphunziro ambiri a m'mbuyomu analipiridwa ndi maiko akunja, ndipo cithandizo cotere cimatha. Cikatha, cotsala ndi cokhaco cimene aphunzitsi anacizolowera okha.

Dandaulo la makolo lija nalonso liri ndi mbali yace yoona. Alipo ena opita ku maphunziro cifukwa ca alawansi, nabwerako osasintha kanthu. Alipo masukulu otumiza munthu yemwe-yemweyo ku msonkhano uli wonse, iye osauzako anzace zimene wamva. Alipo masiku amene ana abwezedwa kwao pamene akadatha kusiyiridwa nchito ndi mphunzitsi wina. Mankhwala a zimenezi si kuletsa aphunzitsi kuphunzira. Mankhwala ace ndi kufunsa cimene abwera naco.

10. MBALI YA MAKOLO, MAFUMU NDI MAKOMITI

Mutu umodzi susenza denga. Nazi zinthu zimene mudzi ukhoza kucita popanda kudikira Boma.

Komiti ya sukulu ipemphe mphunzitsi wamkuru kuti pa msonkhano wa makolo azifotokoza mwacidule maphunziro amene aphunzitsi anapitako teremu imeneyo, ndi cimene casintha m'kalasi. Funsoli lifunsidwe mwaulemu, pakuti colinga si kutsutsa munthu.

Polemba pulani yotukulira sukulu, imene iyendera pamodzi ndi ndarama zimene Boma litumiza ku masukulu, komiti isaganize za njerwa ndi malata zokha. Ikumbukire coko, mapepala a machati, ndi zofunika pa misonkhano ya aphunzitsi ya pa sukulu.

Mphunzitsi akaitanidwa ku TDC tsiku la sukulu, mphunzitsi wamkuru akonzeretu womgwirira kalasi, ndipo makolo auzidwe nthawi isanafike.

Mafumu alimbikitse anthu ao kusonkhanitsa makatoni, matumba, nsungwi ndi zitsekerero, ndi kulondera sukulu kuti mabuku ndi makina zisabedwe. Nyumba yabwino ya mphunzitsi pafupi ndi sukulu nayonso ithandiza, pakuti munthu wopalasa njinga mtunda wautali sangatsalire madzulo kukambirana ndi anzace.

Gulu la amai la pa sukulu lione ana ojomba, makamaka atsikana ndi ana opita kukasankha fodya nthawi ya sukulu. Luso la mphunzitsi silifika kwa mwana amene kulibe.

Kholo liri lonse, ngakhale losadziwa kuwerenga, lipemphe mwana kuti aliwerengere mokweza kanthawi pang'ono madzulo. Khutu limva ngati mwana alikudodoma kapena ai. Kholo likaona kuti teremu yatha mwana wa Sitandade 2 asanathe kuwerenga mau ofupika, lipite kukaceza ndi mphunzitsi wace msanga, osadikira mayeso a Sitandade 8. Mmera mpoyamba.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO

1. Kodi sukulu ya m'mudzi muno iri m'zoni iti, ndipo TDC yace iri kuti?

2. Kodi PEA anafika liti komariza pa sukuluyi, ndipo analowa m'kalasi kapena anathera mu ofesi?

3. Kodi aphunzitsi a pa sukuluyi akomana kangati pa teremu kuti aphunzitsane okha-okha?

4. Kodi mabuku a Sitandade 1 ndi 2 ali m'manja mwa ana kapena ali m'makatoni?

5. Ndi zinthu ziti zitatu zopezeka m'mudzi muno zimene zingaperekedwe ku sukulu mwezi uno kuti zikhale zophunzitsira?

6. Mwa ana khumi a Sitandade 3 a m'mudzi muno, ndi angati angawerenge kalata yaifupi ya Cicewa pamaso pa mfumu?

Mlembi wa komiti alembe mayankho m'buku la misonkhano, ndipo mafunso omwewa adzafunsidwenso pakutha pa caka, kuti mudzi udzaone wokha ngati maulendo a ku TDC abala zipatso.